Njereza pa Zitsa za ku Chingodzi

Mbande zonse makumi awiri ndi zinayi zimene ndinabwera nazo ku Tete kuchokera kwathu ku Angónia zinafa mwezi wa Otubulu usanathe, ndipo malo amene tinkafuna kumangapo nyumba anatsala pang'ono kupita nazo limodzi.

Zinali zaka zimene malasha a ku Moatize anasokoneza mzinda wonse. Pa mlatho wa Zambezi makamyau, magalimoto akuluakulu a katundu, ankaima mzere kuyambira m'mawa. Anthu ankatsika m'basi tsiku lililonse, ena ochokera ku Beira, ena ku Nampula, ena kunja kwa dziko, ndipo aliyense ankafuna chipinda. Ine ndi mkazi wanga tinkakhala pa renda ku Chimadzi. Mwini nyumba anali atayamba kuyendera khomo lathu ndi alendo ovala nsapato za ku mgodi, n'kumawaonetsa mazenera ife tili momwemo. Tonse awiri tinakulira ku Dedza nthawi ya nkhondo, makolo athu atathawira kumeneko, choncho kukhala pa malo a eni tinali titatopa nako kuyambira tili ana.

Nyengo yozizira ya chaka chimenecho tinapatsidwa talyau, ndiye kuti malo omangapo nyumba, ku Chingodzi, kuseri kwa bwalo la ndege. Ndinaiyeza ndekha ndi chingwe: mametulu vinti, makumi awiri, m'lifupi, ndi trinta, makumi atatu, m'litali. A sekeretaryu a bairu, mkulu woyang'anira deralo, bambo wamfupi wosasiya chipewa, anatiuza mawu amodzi okha potilozera malire.

"Malo awa si osungira. Pazioneka kuti pali munthu."

Kumanga nthawi yomweyo sikunatheke. Amisiri onse amene ndinkawadziwa anali atalowa ntchito ku mgodi, ndipo simenti ikafika m'sitolo inkatha isanatsitsidwe n'komwe. Ndinaganiza zoyamba ndi mitengo. Mtengo wodzala ndi umboni umene aliyense amauvomereza.

Kwathu munthu akalandira malo, choyamba ndi kulambula. Pabwalo pamayenera kuyera, posesedwa bwino, kuti njoka ikadutsa uone mzere wake. Talyau yathu inali ndi zitsamba zofika m'chiuno, zina zofika m'mapewa, zotuwa, zambiri zaminga. Ndinazigwetsa ndi katana, ndiye kuti chikwanje, Loweruka katatu, n'kuunjika nthambi, n'kutentha. Zitsa zokha ndi zimene zinandikanika, chifukwa nthaka ya kumeneko ndi miyala yokhayokha. Ndinaziwerenga: zinali trinta ndi chimodzi.

Pa talyau yoyandikana nafe pankakhala mayi wina Mnyungwe, wa msinkhu wathu womwewu. Tinkawaitana kuti a vizinya, ndiye kuti aneba. Ankagulitsa masau ndi malambe kwa madalaivala m'mbali mwa msewu waukulu. Anali ndi mafoni awiri, mbuzi zisanu ndi ziwiri, ndi mawu omveka mpaka talyau yachitatu. Tsiku limene ndinamaliza kulambula anaima pamalire, manja m'chiuno.

"Angoni inu, mukumanga bwalo la ndege lachiwiri?"

"Ndikukonza, a vizinya."

"Mwakonzadi. Ngakhale buluzi asamuka."

Ndinaseka nawo, koma m'mtima ndinati adzaona okha.

Mbande ndinakazitenga kwathu ku Ulongwe: mapichesi khumi, mikungudza isanu ndi itatu yoti idzakhale mpanda, mapeyala anayi, ndi maluwa awiri a rozi amene mkazi wanga anapatsidwa ndi azakhali ake. Zinakwera padenga la shapa, minibasi ya kuno, m'mawa kukuzizira, anthu atavala majuzi. Pofika ku Moatize majuzi anali atavulidwa, ndipo masamba a mapeyala anali atalendewera ngati makutu a galu wodwala.

Ndinakumba maenje monga tikumbira kwathu, n'kuthiramo manyowa. Madzi ndinkawatenga pa mpope wa kumsika, mabidau awiri, ndiye kuti zigubu, pa njinga yamoto, katatu pa sabata. Ogusto anadutsa bwino. Setembulu anatiyesa. Otubulu anamaliza nkhani. Amene sanakhalepo ku Tete mwezi umenewo sangamvetse: pofika novi ora, naini koloko m'mawa, chitsulo cha njinga sichigwirika, ndipo madzi a m'bidau amafika pa talyau ali ofunda ngati osambitsira khanda.

Ndinalemba ndondomeko ya maliro a mbande zanga, chifukwa ndili ndi chizolowezi cholemba. Maluwa anayamba. Mapeyala anatsatira sabata imodzimodziyo, masamba atapsa kuchokera m'mbali. Mikungudza inasanduka ya dzimbiri ili chiimire. Mapichesi analimbikira, ndipo awiri anafika potulutsa timasamba tatsopano. Amenewo anadyedwa ndi mbuzi za a vizinya, Lachitatu lina masana.

Nthawi yonseyi zitsa zija zinkaphukira. Popanda dontho la madzi, mvula ili kutali, chitsa chilichonse chinkatulutsa mphukira zisanu, zina khumi, zanthete, zina zofiirira. Zinkandinyansa. Loweruka lililonse ndikamaliza kuthirira ndinkatenga katana n'kuzisadza zonse, kuti pamalo pazioneka paukhondo.

Kumayambiriro kwa Novembulu a sekeretaryu anabwera pa njinga yamoto, kumbuyo atakweza bambo wina wovala chovala chonyezimira cha ku mgodi. Mlendoyo sanandipatse moni. Anayamba kuyenda m'malire a talyau yanga akuwerenga mapazi.

"Akufuna pomanga zipinda za antchito," anatero a sekeretaryu. "Ndawauza kuti pano pali mwini. Andifunsa kuti, ali kuti? Ndiyankhe chiyani, bambo?"

"Ndinadzala mitengo, a sekeretaryu."

Anayang'ana timitengo touma tili m'mizere yake yowongoka.

"Nkhuni mwadzala, ndaziona. Mverani. Mvula ikamatha, mwezi wa Marusu, komisau yoona za malo iyenda talyau ndi talyau. Pamene palibe chizindikiro cha munthu, tipereka kwa ena. Anthu ali pa mzere, ndipo ine sindingawabisire malo oyera chonchi."

Atapita ndinakhala pa bidau. Mkazi wanga, amene anali atabwera ndi chakudya, anakhala pa inzake. Mthunzi panalibe, poti ndinali nditautentha ndekha. Kenako ndinanyamuka, n'kutenga katana kuti ndichotse mphukira za sabata imeneyo, chifukwa munthu akakhumudwa amafuna chodula.

"Ninyi? Mukuchita chiyani pamenepo?" A vizinya anali atafika kale pamalire, foni ili kukhutu. Anauza wa pafoniyo kuti adikire. "Amayi, amuna anuwa ali bwinobwino? Miyezi itatu ndikuwaonera. Zakufa akuthirira, zamoyo akudula."

"Auzeni ndinu," anatero mkazi wanga. "Ine ndikanena amati ndilibe sukulu ya mitengo."

"Ndi tchire ili, a vizinya," ndinatero.

"Tchire? Bwerani kuno."

Anadumpha malire n'kuyamba kundiyendetsa pa malo anga omwe ngati mlendo. Chitsa chilichonse ankachigunda ndi phazi n'kutchula dzina. Uyu ndi tsanya, wa masamba awiriawiri onga mapiko a gulugufe. Uwu ndi msau, umene zipatso zake zinkaphunzitsa ana awo sukulu. Uwu ndi mtowo, ana amatafuna zipatso zake zonanda mpaka nsagwada kuwawa. Ichi ndi ntongolo, chitsamba cha nthambi zambiri chobala tizipatso tofiirira totsekemera. Pakona panali bwemba wamng'ono, ndipo atamuona anagwira pakamwa.

"Mpaka bwemba munadula? Mulungu akukhululukireni, ine sinditha."

Ndinalemba zonse kuseri kwa katoni: tsanya khumi ndi mmodzi, misau isanu ndi umodzi, ntongolo zisanu ndi ziwiri, mitowo inayi, bwemba mmodzi, ndi ziwiri zimene iwonso sanazidziwe dzina.

"Chitsa ichi ndi chachikulu kuposa inu," anatero. "Mizu yake inafika kale kumene kuli madzi. Mbande zanu zija mizu yake inali ngati ndevu za mbuzi yanga. Zikanamwa chiyani?"

Njira yake inali yapafupi moti ndinachita manyazi. Pa chitsa chilichonse umasankha mphukira ziwiri zamphamvu, zotuluka m'munsi pafupi ndi nthaka, osati pamwamba podulidwa, chifukwa zapamwamba zimathyoka ndi mphepo. Zina zonse umachotsa ndi mpeni, osati katana. Ikakula imodzi n'kuposa inzake, yotsalirayo umaichotsanso, pokhapokha pa ntongolo, imene mwachibadwa ndi chitsamba ndipo imafuna nthambi zinayi kapena zisanu. Kuzungulira chitsa umakumba kadzenje kosaya ngati mbale kuti madzi a mvula aziima, n'kuyalamo udzu wouma ndi miyala pamwamba. Pomaliza umatchinga ndi nthambi zaminga.

"Minga n'njachiyani?" ndinafunsa.

"Mbuzi."

"Mbuzi zake ndi zanu zomwe."

"N'chifukwa chake ndikukuuzani. Ndimazidziwa."

Minga ndinali nditatentha yonse, choncho ndinayenda maulendo asanu ndi limodzi kutchire la kuseri kwa bwalo la ndege, n'kumabwera ndi nthambi za msau ndi mthethe zitamangidwa kumbuyo kwa njinga yamoto. Manja anga anakhala ngati ndalimbana ndi amphaka. Madzi aja ndinasiya kutunga. A vizinya anandiletsa.

Mvula yoyamba inagwa mu Dezembulu. Ndinakhoma kamtengo koyezera pafupi ndi zitsa zitatu, ndipo Loweruka lililonse ndinkaika chizindikiro. Msau ndiwo unathamanga: pofika kumapeto kwa Janeru unali utandipitirira m'chiuno. Ntongolo inatambalala m'mbali. Tsanya sanapupulume, ankakwera pang'onopang'ono, koma tsinde lake linkalimba ngati waya. Ndinaonanso ndekha zimene a vizinya anandiuza, kuti dzuwa likafika pamutu tsanya amapinda masamba ake awiri aja n'kuwaimika chammbali, kuti lisawaombe pankhope. N'chifukwa chake mthunzi wake masana ndi wochepa, ndipo n'chifukwa chakenso safa.

Mlamu wanga, amene ankayendetsa kamyau yothira madzi m'misewu ya ku mgodi kuti fumbi lisamauluke, anabwera kudzaona Lamlungu lina. Anayenda pakati pa minga ija akugwedeza mutu.

"Alamu, zimenezi ndi zomwe akufesa kuntchito kwathu. Kuli malo ofeserako mbande, timatumba takuda mizere mizere, pansi pa neti. Tsanya yemweyu, bwemba yemweyu. Akuti adzazidzala pa milu ya dothi imene akumba ija, kuti tchire libwerere. Kuli anthu ophunzira, ovala zipewa zoyera, ntchito yawo kuyang'anira mbewu za tsanya."

A vizinya, amene sankaphonya nkhani, anaseka mpaka kukhala pansi.

"Tsanya pansi pa neti! Amamufunditsanso bulangete?"

Ine ndinafunsa zambiri: amafesa mwezi uti, amathirira kangati, zingati zimapulumuka zikapita ku milu ija. Mlamu sankadziwa. Iye ankangowapatsa madzi. Koma anati za m'matumbazo zinali zisanafike ndi m'bondo momwe, pamene zanga zinali m'chiuno.

Pofika mu Fevereru talyau inali yobiriwira mbali zonse. Ndinkanyada. Ndinabwera ndi mkazi wanga kuti adzaone, ndipo anaima pamsewu n'kuyang'ana malo onse.

"Bambo, mwagwira ntchito," anatero pomaliza. "Koma taimani pano pamene ndaima ine. Mukuona chiyani?"

Ndinaima pamenepo. Ndinaona zitsamba, minga ndi udzu wa mvula.

"Tabwerera pamene tinayambira," anatero. "Inu mukudziwa kuti mphukira iliyonse munaisankha ndi dzanja. Komisau idziwa bwanji? Idzati mwini anathawa, tchire lamera."

Ananena zoona, ndipo Marusu anali pakhomo. Mlungu wonsewo ndinkaganiza zopita ku msika kukagula mbande za mango, kuti pakhale chinthu chooneka chodzala, ngakhale chidzafe pambuyo. Mkazi wanga anakana. Lachisanu tikuyenda m'tauni anandigwira mkono n'kundilozera mitengo ya m'mbali mwa msewu. Yonse inali yopakidwa njereza kuyambira pansi mpaka m'chiuno, monga amachitira pa masukulu, pa maofesi ndi pa bwalo lililonse la boma chikondwerero chikayandikira.

"Kodi munaonapo mtengo wa kutchire utavala zoyera?" anafunsa.

Loweruka tinapita ndi thumba la njereza, ndowa ndi maburashi awiri opangidwa ndi mlaza. Tinazula udzu wonse pakati pa mitengo n'kusesa. Minga tinaikonza kuti ikhale yozungulira bwino. Kenako tinayamba kupaka. Vuto linali lakuti mitengo ya m'tauni ndi yonenepa, pamene yathu yonenepetsetsa inali ngati chala chachikulu cha kuphazi. Burashi imodzi inkakwanira tsinde lonse n'kutsalako. Tinapaka tsinde, tinapaka chitsa, tinapakanso miyala yozungulira. Pofika masana talyau inkaoneka ngati ana a sukulu ovala masokosi oyera, ataima pa mzere wokhota.

A vizinya anabwera kudzayendera.

"Ntongolo yopaka njereza," anatero. "Chibadwire sindinaone. Amayi anga akanadzuka akanafanso ndi kuseka." Anasuzumira m'ndowa ya njereza. "Yatsalako? Msau wanga uja wa pakhomo nawonso ndi munthu."

Komisau inafika Lachiwiri la sabata yachiwiri ya Marusu, cha m'ma dezi ora, teni koloko. Anali a sekeretaryu, mayi wina wonyamula kaundula, ndi bambo wa chovala chonyezimira uja akutsatira m'mbuyo. Anali atadutsa kale matalyau anayi, ndipo awiri mwa iwo anali atalembedwa kuti alibe mwini. Atafika pathu a sekeretaryu anakankhira chipewa kumbuyo.

"Izi ndiye ziti?"

"Mitengo, a sekeretaryu. Trinta ndi umodzi."

Analowa, n'kuwerama pa tsanya woyamba, n'kukanda njereza ndi chikhadabo.

"Bambo, ine ndinabadwira konkuno. Uyu ndi tsanya. Tsanya sadzala munthu."

"Ndi tchire lopaka utoto," anatero wa chovala chonyezimira. "Aliyense angathe kugula njereza."

"Sindinadzale, n'zoona," ndinatero. "Ndinadula, n'kulapa, n'kulera." Ndinawaonetsa zipsera pamene ndinachotsa mphukira zina, timaenje tosunga madzi, ndi kamtengo koyezera kali ndi zizindikiro zake za Loweruka lililonse. Ndinatulutsanso katoni ija ya mayina. Mayi wa kaundula anaitenga n'kuyamba kuwerenga mitengo payekha, akuloza ndi cholembera.

"Kulera chitsa," anatero a sekeretaryu. "M'kaundula mulibe mzere wa zimenezo."

"Mulembe pa mzere wa zipatso," inamveka sipika ya pamalire. A vizinya anali atasiya malonda awo kumsewu tsiku limenelo. "Misau isanu ndi umodzi, mitowo inayi, bwemba. Si zipatso zimenezo, a sekeretaryu? Kapena masau amene mumatuma akazi anu kudzatenga kwa ine amachokera ku sitolo?"

Mayi wa kaundula anabisa nkhope m'buku.

"Mayi, sitinakufunseni," anatero a sekeretaryu kwa a vizinya.

"Mundifunse tsono. Mngoni uyu ndamuona ndi maso anga Loweruka lililonse, dzuwa lili pamutu. Poyamba ankagwira ntchito yopusa, pano akugwira yanzeru, koma sanajombepo. Taonani manja akewo. Uyo wa chonyezimirayo ali ndi chipsera ngakhale chimodzi cha pamalo pano?"

A sekeretaryu anayang'anadi manja anga. Kenako anapita pa ntongolo ina imene inali itayamba kale kubala, n'kuthyola kachipatso kamodzi, n'kukaika m'kamwa. Kanali kosapsa, ndipo nkhope yawo inanena zimenezo.

"Tinkadya izi pobusa mbuzi," anatero, akulavula njere. "Malo onse ano zinali zokhazokha, mpaka ku mtsinje. Pano makina akalowa sasiya ndi chimodzi chomwe." Anatembenukira kwa mayi wa kaundula. "Mwapeza ingati?"

"Trinta ndi umodzi."

"Lembani kuti pali mwini, pali mitengo yosamalidwa trinta ndi umodzi." Kenako anandiloza ndi chala. "Koma munthu sagona pansi pa ntongolo, bambo. Nyengo yozizira isanathe ndione maziko."

Wa chovala chonyezimira anali atayamba kale kuwerenga mapazi pa talyau yotsatira.

Madzulo ake ine ndi mkazi wanga tinatenga chingwe n'kuyamba kufunafuna pamene nyumba ingakhale. Sizinali zapafupi, chifukwa paliponse pamene tinkaika ngodya pankapezeka mtengo wovala zoyera. Tinasuntha katatu. Pomaliza tinagwirizana kuti nyumba ikhala yopingasa pang'ono, khomo kuyang'ana kwa bwemba, ndipo tsanya awiri okha ndiwo adzachoke. Mlamu anali atatipezera mmisiri wa ku tchalitchi kwawo amene ankapuma ku mgodi sabata imodzi pa mwezi. Anthu oyeza malo ankayembekezeka Lolemba lotsatira kudzakhoma miyala ya malire, ndipo mmisiriyo anati akangochoka iwo, iye ayamba kukumba.